Mipando ya m'katoni: tidziwe chimene tikugula tisanayambe kukhala pa lendi

Mwezi ukamatha, m'misewu ya ku Ndirande, Kawale, Area 25 kapena Chibavi mumadutsa timalole tonyamula katundu wa anthu osamuka. Pamwamba pamakhala matiresi omangidwa ndi malegeni, pakati masofa ataloza miyendo kumwamba, ndipo m'mbali mwaima wodilopu ikunjenjemera ngati munthu wa malungo. Pofika kunyumba yatsopano, chitseko chimodzi chimakhala chitapendekeka, kathabwa kakumbuyo katazuka, dilowa yapansi ikukana kutseka. Mwini wake amakalipira dalaivala ndi maenje a mumsewu. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala kuti linayamba tsiku limene wodilopuyo inagulidwa.

Ife amene tili pa koleji pano nkhaniyi sinatikhudze. Bedi, tebulo ndi loka tinazipeza m'chipinda, ndipo tidzazisiya momwemo. Koma pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu tidzapezeka tili m'nyumba ya lendi yopanda kanthu, malipiro oyamba ali m'thumba. Ife ophunzira zauphunzitsi tikudziwanso kuti kalata yosamutsa mphunzitsi imabwera osagogoda. N'chifukwa chake tisanakopeke ndi kunyezimira kwa katundu wa m'shopu, tiyenera kufunsa kuti katundu ameneyu adzapirira kusamuka kangati. Yankho lake lili pa zinthu ziwiri, chimene anapangira katunduyo ndi mmene anamulumikizira.

Mitundu itatu imene timaisokoneza

Mtundu woyamba ndi mipando yopangiratu. Iyi ndi imene timaipeza itamangidwa kale, kaya m'shopu kaya m'mbali mwa msewu kwa akalipentala. Ukalipira umainyamula mmene ililimo, ndipo sungaichepetse kapena kuikulitsa.

Mtundu wachiwiri ndi wa m'katoni, umene pa Chingerezi amati flat-pack. Umagula matabwa odula kale, oboola kale, pamodzi ndi kathumba ka tizitsulo ndi pepala la zithunzi losonyeza kamangidwe kake. Umakamanga wekha kunyumba, kapena shopu imakutumizira mnyamata wodzakumangira.

Mtundu wachitatu ndi wa zigawozigawo, umene amati modular. Pano chinsinsi chake ndi muyeso wofanana, monga mmene zilili njerwa. Makabati a kukhitchini ndiwo chitsanzo chodziwika. Ndi mabokosi otalika mofanana ndi ozama mofanana, koma m'lifupi mwake ena masentimita 30, ena 45, ena 60. Khoma likakhala lalifupi umaika mabokosi atatu, ukasamukira m'nyumba yaikulu umagula ena awiri n'kuwaika pambali. Katundu mmodzi akhoza kukhala wa m'katoni komanso wa zigawozigawo, koma si wa m'katoni aliyense amene amalola kuwonjezera. Wodilopu ya zitseko zitatu ikhoza kubwera m'katoni, koma ikamangidwa imakhala chinthu chimodzi chachikulu.

Nzeruyi inachokera kuti?

Mu 1859, mmisiri wina wochokera ku Germany dzina lake Michael Thonet, amene ankagwira ntchito ku Vienna, anatulutsa mpando wodziwika ndi nambala 14. Ankapinda mitengo ndi nthunzi ya madzi otentha, ndipo mpando wonse unali wa zidutswa 6 za mtengo zogwidwa ndi masikuluwu 10 ndi manati awiri. Mipando 36 yosamanga inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse, choncho inkatumizidwa kumaiko akutali pa mtengo wotsika.

Patapita zaka pafupifupi 100, kampani ya ku Sweden ya IKEA, imene Ingvar Kamprad anaiyambitsa mu 1943 ali ndi zaka 17, inafalitsa nzeruyi padziko lonse. Nkhani imene kampaniyo imafotokoza ndi yakuti mu 1956 wantchito wake Gillis Lundgren analephera kulowetsa tebulo m'galimoto, ndiye anangolichotsa miyendo. Kuchokera pamenepo anayamba kugulitsa katundu wosamanga, ntchito yomanga n'kuisiyira wogula.

Masamu ake ndi osavuta. M'kati mwa wodilopu yomangidwa kale muli mpweya wokhawokha, ndiye amene akuinyamula pa lole akulipirira ulendo wa mpweyawo. Ikakhala matabwa osanjikiza, malo omwewo amakwana mawodilopu angapo. IKEA ilibe shopu kuno kwathu, koma nzeru yakeyi inatipeza. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndipo katundu wochokera ku China kapena maiko ena amayenda mtunda wautali kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Wamalonda aliyense amafuna kuti kontena idzaze bwino, n'chifukwa chake makabati, matebulo a kompyuta ndi mawodilopu ambiri akunja amafika kuno ali m'makatoni, ngakhale tikawapeza m'shopu atamangidwa kale.

M'kati mwa thabwa muli chiyani?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katundu wambiri wa mtunduwu amaoneka ngati thabwa lenileni, koma zimene tikuonazo ndi pepala la chithunzi cha mtengo lonyika mu mankhwala otchedwa melamine, lomatidwa pamwamba. Pansi pa pepalalo pamakhala chimodzi mwa zinthu izi.

Matabwa a chipboard amapangidwa ndi tizidutswa ta mitengo ndi utuchi, zosakaniza ndi guluu n'kuzitsindira pa makina otentha. Anayamba kupangidwa m'fakitale ku Bremen m'dziko la Germany mu 1941, pa nthawi ya nkhondo matabwa atasowa. Ndiwo otsika mtengo kuposa onse. Ukayang'ana podulidwa, amaoneka ngati madeya otsindira.

Matabwa a MDF anayamba ku America m'zaka za m'ma 1960. Pano mtengo amaupera mpaka usanduke timaulusi tosalala ngati ufa, kenako guluu ndi kutsindira. Ndi olemera, osalala, ndipo amalandira penti bwino. Akalipentala ena amangowatcha supawood, limene ndi dzina la malonda la kampani ya PG Bison ya ku South Africa. Podulidwa pamaoneka pofiirira, popanda tizidutswa.

Matabwa a plywood ndi timapepala topyapyala ta mtengo weniweni, titatu, tisanu kapena kuposerapo, tomatidwa mopingasana. Kupingasanako ndiko kumawapatsa mphamvu. Podulidwa pamaoneka mizeremizere ngati masamba a buku. Palinso blockboard, amene m'kati mwake ndi timatabwa tatitali ta paini tondandalikidwa, totsekedwa ndi kapepala ka mtengo mbali zonse ziwiri. Mitundu iwiri imeneyi imagwira msomali ndi sikuluwu bwino kuposa iwiri yoyambayo.

Kudziwa mtundu wa thabwa sikufuna maphunziro apadera. Tizungulire kumbuyo kwa kabati, titulutse shelefu, tisuzumire pansi pa dilowa kapena pabowo la hinjesi. Opanga samata melamine pamalo amene wogula sayang'anapo, ndiye pamenepo thabwa limadziulula lokha.

Adani awiri: madzi ndi kumasula

Thabwa lenileni likanyowa limafufuma pang'ono, likauma n'kubwerera mwakale. Chipboard ndi MDF wamba akamwa madzi amatupa osabwereranso. Guluu amalekana ndi tizidutswa tija, melamine n'kutukumuka, thabwa n'kuyamba kunyenyeka ngati chigumu. Tsono taganizirani moyo wa m'nyumba zathu. Pansi pa simenti timakolopa m'mawa uliwonse. M'khitchini timasunga zidebe ndi zigubu chifukwa madzi a m'mipope amasiya. Kuyambira November mpaka April pali chinyezi, ndipo denga la alandilodi silichedwa kudontha. Kabati imene matabwa ake akhudza pansi mwachindunji imamwa madzi a chikolopa tsiku ndi tsiku, ndipo imayamba kuola kuchokera pansi. N'chifukwa chake miyendo yachitsulo kapena yapulasitiki, yokweza kabati masentimita 10, ndi yofunika kuposa galasi la pachitseko. Tionenso ngati kalamba kotseka m'mphepete mwa thabwa kamatidwa bwino, pakuti madzi amalowera pamenepo.

Mdani wachiwiri ali pa malo olumikizira. Katundu wa m'katoni amagwidwa ndi timitengo tozungulira tonga zidutswa za choko, tolowa m'mabowo a matabwa awiri, komanso ndi kachitsulo kozungulira ngati ndalama kamene ukakapotoza kamakoka mutu wa kamsomali ka thabwa linalo. Zimenezi zimagwira bwino katunduyo akaima malo amodzi. Koma sikuluwu yolowa mu chipboard imagwira tizidutswa tomatidwa ndi guluu basi. Ukaimasula ndi kuimanganso, imapera tizidutswato, bowo n'kukula. Ulendo wachitatu imangozungulira osagwira kanthu. Ukanyamula wodilopu yosamasula, kugwedezeka kwa pa lole kumachita zomwezo pa mabowo onse nthawi imodzi. Ndi mmene chitseko chija chimapendekera.

Kathabwa kakumbuyo, kamene nthawi zambiri n'kochindikala mamilimita atatu okha, ambiri timakaona ngati kongotchinga fumbi. Komatu ndi kamene kamaletsa kabati kupendekera kumbali. Pomanga tikhomere timisomali tonse timene tabwera m'kathumba, osati tinayi ta m'makona tokha. Ndipo ife aphunzitsi a mawa, amene katundu wathu wamkulu adzakhala mabuku, tikumbukire kuti shelefu ya chipboard ya mamilimita 16 imawerama pakati ikakhala yaitali. Mashelefu awiri a masentimita 60 amasenza mabuku bwino kuposa imodzi ya mita ndi theka.

Tisaiwale ubwino wake. Matabwa a m'fakitale ndi owongoka ndi ofanana muyeso, ndipo sapindika monga amachitira paini wocheka ali wamuwisi. Makabati ambiri amaboolanso motsata dongosolo limodzi, timabowo ta mamilimita 5 totalikirana mamilimita 32. Kabati ikakhala ndi mzere wa timabowo totere, tikhoza kukweza kapena kutsitsa shelefu, ndipo hinjesi ikathyoka ina yogula ku hadiweya kawirikawiri imakwana.

Nyumba za m'tauni ndi muyeso wake

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa 100 alionse ankakhala m'matauni. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000, Blantyre pafupifupi 800,000, Mzuzu oposa 220,000. Wachinyamata wongoyamba ntchito m'mizinda imeneyi amayambira pa lendi, m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo lendi ikakwera amafunafuna kwina. Mipando imene makolo athu anagula kuti ikhale pabalaza limodzi zaka 30 siigwirizana ndi moyo wotere.

Chitseko cha nyumba yomangidwa motsata muyeso chimakhala cha masentimita pafupifupi 81 m'lifupi ndi 203 m'litali, ndipo nyumba zambiri za lendi zili ndi zitseko zocheperapo, kapena kakhonde kokhota. Sofa yaikulu ya m'shopu ikhoza kugona panja, kapena kulowa atagumula felemu, zimene alandilodi sadzakhululuka. Choncho tepi yoyezera ndiyo chida choyamba kugula. Tiyeze chitseko, tiyeze khoma, tione pamene pali zenera ndi soketi, tilembe m'kope, kenako tipite kushopu.

Nanga mitengo yathu?

Wina anganene kuti tingogula za mlombwa kapena mbawa, nkhani ithe. N'zoona kuti tebulo la mlombwa likhoza kufika kwa adzukulu. Koma mitengo yachilengedwe imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ikhwime, ndipo ikutha. Mu 2022, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Panama, maiko anagwirizana zoika mitengo ya mu Africa ya m'gulu la mbawa ndi la mlombwa pa mndandanda wa zinthu zimene malonda ake opita kunja ayenera kukhala ndi chilolezo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, unkakondedwa chifukwa chiswe sichiudya. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo yake ikuluikulu 7 yokha itatsala m'phirimo.

Apa m'pamene matabwa a m'fakitale ali ndi mbali yawo. Amapangidwa kuchokera ku mitengo yodzala ngati paini ndi bulugamu, ndipo amagwiritsa ntchito ngakhale timitengo ting'onoting'ono ndi zotsalira zimene zikanatayidwa. Kwathu kuno nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pofuna kudyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe. Lero kumeneko kuli kampani ya Raiply imene imapanga plywood, blockboard ndi MDF. Nkhalangoyo nayo yavutika ndi moto komanso kudula kosadzala, koma paini amakula msanga kuposa mlombwa ndipo akhoza kudzalidwanso. Kusankha pakati pa mitundu ya matabwa kumakhudza thumba lathu komanso mapiri athu.

Zokhudza thanzi ndi ana

Fungo loswa mphuno limene limatuluka mu kabati yatsopano kawirikawiri limachokera ku guluu wokhala ndi mankhwala a formaldehyde. Mu 2004, bungwe la IARC, limene lili pansi pa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Chiopsezo chachikulu chili kwa anthu amene amawapuma ambiri kwa nthawi yaitali, monga a m'mafakitale, koma ngakhale ochepa amayabwa m'maso ndi kukhosi. Chizindikiro cha E1 pa katoni chimasonyeza kuti matabwawo amatulutsa mpweyawu pang'ono motsata muyeso wa ku Ulaya. Katundu watsopano timuike m'chipinda chotsekula mazenera kwa masiku angapo tisanayambe kugonamo, ndipo wocheka MDF azivala chophimba mphuno chifukwa fumbi lake ndi losalala kwambiri.

Chachiwiri ndi kugwa. Kabati yaitali yopyapyala, madilowa ake akatsekulidwa, kulemera kumapita kutsogolo. Mu 2016 IKEA inaitanitsa makabati a madilowa okwana 29 miliyoni ku America ana angapo atamwalira chifukwa makabatiwo anawagwera. M'nyumba mukakhala mwana wokwawa kapena wokwera zinthu, kabati yaitali imangiriridwe kukhoma ndi kachitsulo, ndipo zolemera ziikidwe m'munsi. Kupempha alandilodi chilolezo choboola kabowo kamodzi si nkhani yochitira manyazi.

Ndalama

Katundu wochokera kunja amatsatira mtengo wa dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zakunja inakwera. Zikatere ambiri amathawira ku ngongole yolipira pang'onopang'ono. Tisanasaine, titenge cholembera. Tiyerekeze kuti wodilopu ndi ya K300,000 ukalipira kamodzi. Pa ngongole akuti uyambe ndi K60,000, kenako K30,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Zonse pamodzi ndi K420,000, kutanthauza kuti K120,000 yapita pa kusafuna kudikira. Ngati wodilopuyo ndi ya chipboard ndipo m'chaka chomwecho tasamuka kawiri, tikhoza kumalipirabe chinthu chimene chinathyoka kale.

Apa ndi pamene katundu wa zigawozigawo amathandiza munthu wongoyamba. Mwezi uno bokosi limodzi, miyezi iwiri ikubwerayo lina, popanda ngongole. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Bedi ndi matiresi zibwere poyamba, kenako tebulo lolembera ndi kudyera pomwepo, mipando iwiri, shelefu ya mabuku. Sofa ndi disipuleyi zikhoza kudikira, alendo enieni sadzabwerera pakhomo chifukwa chosowa sofa.

Kalipentala wa pafupi akhoza kupanga zomwezo

Nzeru ya zigawozigawo si ya mafakitale akunja okha. Bedi la mabawuti limene akalipentala athu akhala akupanga kwa zaka zambiri limamasuka kukhala zidutswa zinayi ndi timatabwa togonera, ndipo bawuti yodutsa m'thabwa lenileni ukhoza kuimasula kakhumi osaononga kanthu. Amisiri ophunzira bwino aliponso, ochokera m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Mzuzu, pansi pa ndondomeko ya bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi wogula wodziwa chimene akufuna.

M'malo mwa wodilopu imodzi ya zitseko zinayi, tipemphe ziwiri za masentimita 80, zotalika mofanana, zoti zikaima pamodzi zioneke ngati imodzi. Iliyonse anthu awiri amainyamula osatukwanizana. M'malo mwa shelefu yofika kudenga, tipemphe mabokosi a blockboard kapena paini a muyeso umodzi, oti tikhoza kuwasanjikiza, kuwandandalika pansi pa zenera, kapena kunyamuliramo mabuku tsiku losamuka. Tebulo likhale la miyendo ya mabawuti. Ndipo tisachite manyazi kufunsa kuti, "Bambo, matabwawa auma bwino? Nanga mwawapaka mankhwala a chiswe?" Paini wamuwisi amapindika ndi kung'aluka pakangopita miyezi yochepa. Muyeso, mtundu wa thabwa, mtengo ndi tsiku lomaliza ntchito zilembedwe papepala, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe katundu ataoneka.

Sitikunena kuti katundu wa m'katoni ndi woipa. Kwa munthu amene akhala malo amodzi zaka zingapo, m'nyumba yosadontha, kabati ya chipboard ya miyendo yabwino ikhoza kumutumikira mokwanira pa mtengo wotsika. Kwa amene akudziwa kuti azisamukasamuka, ndi bwino kusankha tinthu ting'onoting'ono ta muyeso wofanana, ta plywood, blockboard kapena paini wouma, tolumikizidwa ndi mabawuti. Amene wagula kale wodilopu ya m'katoni asunge pepala la zithunzi lija ndi kasipanala kake, ndipo tsiku losamuka achotse zitseko, madilowa ndi mashelefu lole isanafike.

Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, kalole kodutsa mumsewu kadzakhala katanyamula katundu wathu. Zimene zidzatsike zili zamphumphu zidzadalira mafunso amene tinafunsa m'shopu muja, tepi ili m'manja, titazungulira kumbuyo kwa kabati.